Funsani Akatswiri: Ndege ikagona pabwalo lathu, tiilondere bwanji?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu amene sauluka n'komwe, koma ndege zimagona m'manja mwawo: alonda, osunga mafuta, mafumu a midzi yoyandikana ndi mabwalo ang'onoang'ono a m'chigawo chathu cha Tete. Tawapereka kwa oyendetsa ndi okonza ndege zing'onozing'ono kuti ayankhe. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndine mlonda pa kabwalo ka dothi. Nthawi zina kumabwera ndege ya anthu anayi n'kugona masiku awiri. Woyendetsa amangokhoma chitseko n'kumapita ndi kiyi. Kodi munthu angathe kuiba ndegeyo ine ndili pomwepo? Ndikuopa kudzalipitsidwa chinthu chimene ngakhale mtengo wake sindiudziwa. — Mlonda, Angónia

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi zowawa: kiyi amene woyendetsa amapita nayeyo asakugonetseni tulo. Ndege imapangidwa kuti ipepuke. Cessna 172, ya anthu anayi ngati mukunenayo, ikakhala yopanda mafuta ndi katundu imalemera makilogalamu pafupifupi 750 basi. Chitseko chake ndi chopyapyala, mawindo ndi apulasitiki, ndipo loko wake sasiyana kwenikweni ndi wa kabati ya m'nyumba. Ndege zikuluzikulu zambiri ndiye zilibe n'komwe kiyi wolizira injini.

Mwayi wanu ndi wakuti ndege si njinga yoti munthu angokwera n'kupalasa. Woiba ayenera kudziwa kuiulutsa. Ayenera kumasula zingwe, kuliza injini ndi kuidikira mphindi zingapo kuti itenthe, mudzi wonse ukumva. Kenako afunika malo othamangira. Cessna 172 yodzaza imathamanga pansi mamita pafupifupi 300 pa tara ya kumalo otsika. Kwanu ku Angónia, kumapiri kumene mpweya ndi wopepuka, pabwalo la dothi, imafuna malo aatali kuposa pamenepo. Usiku wamdima pabwalo lopanda magetsi, wodziwa ndege sayesa dala. Nthawi yoopsa ndi m'bandakucha, ndipo munthuyo sabwera chokwawa m'udzu. Amabwera atatchena, chikwama m'manja, n'kukupatsani moni mwaulemu kuti abwana amutuma aisamutse.

Ntchito yanu yagona pamenepo. Woyendetsa asanachoke, akulembereni m'buku mayina a anthu ololedwa kukhudza ndegeyo, nambala yake ya foni, ndi tsiku ndi ola limene abwere. Akusiyireninso kiredito ya pafoni. Wina aliyense, ngakhale atavala yunifolomu ya mizere paphewa, adikire patali mpaka mutamva mawu a mwini ndege. Imbani nambala ya m'buku, osati imene mlendoyo akutchulirani. Ngati netiweki kulibe, yankho ndi ayi, ndipo adikire.

Zina ndi za mwini ndege, koma muzimukumbutsa. Ndege imangiriridwe malo atatu, mapiko onse awiri ndi kumchira, matayala atchingidwe. Zingwezo ndi za mphepo, wakuba amangozidula ndi mpeni. Chomuchedwetsa ndi loko wachiwiri: unyolo wolimba wokulungidwa pa pulopela, loko wogwira ndodo yopatsira injini moto, kapena loko wa pa tayala. Unyolowo ukutidwe ndi mphira kapena paipi ya pulasitiki, chifukwa wosakutidwa umakanda pulopela, ndipo kachilonda kakang'ono pa pulopela ndi pamene mng'alu umayambira. Loko aliyense akhale ndi kansalu kofiira kolendewera. Woyendetsa wapachangu akhoza kuliza injini unyolo uli pomwepo, ndipo zikatero waononga ndege yake kuposa wakuba.

Njira yotchipa koma yothandiza ndi kuimika galimoto yokhoma mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwa ndege. Koma musatseke msewu weniweni woterapo ndi migolo kapena mitengo mwa nokha. Ndege ina ikhoza kubwera ndi wodwala, kapena injini itaivuta, woyendetsa n'kuona migoloyo atatsika kale.

Ngati mwapeza injini ikulira kale, musathamangire kutsogolo. Pulopela ikamazungulira siioneka, ndipo siisankha. Lembani ola, zilembo za pandege ndi kumene yalowera, muimbe foni. Za kulipitsidwazo: ndege zimakhala ndi inshulansi, ndipo mboni ya mlonda pa mlandu ndi buku lake. Lembani chilichonse, ngakhale usiku umene sikunachitike kanthu.

FUNSO: Kodi kuba ndege kunachitikapo zoona, kapena ndi za m'mafilimu? — Mphunzitsi, Tsangano

YANKHO: Zinachitikapo, aphunzitsi, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Pa 25 Meyi 2003, ndege yaikulu ya Boeing 727 imene inali itakhala nthawi yaitali pabwalo la Quatro de Fevereiro ku Luanda inanyamuka dzuwa likulowa, yopanda chilolezo, magetsi ozimitsa, osayankha a pansanja yoyang'anira ndege. M'katimo munali anthu amene ankaikonza. Mpaka lero sinapezeke. Pa 11 Okutobala 1999 ku Gaborone, woyendetsa ndege wa Air Botswana amene anali ataimitsidwa kuuluka pazifukwa za thanzi anatenga ndege ya ATR 42, nazungulira nayo m'mwamba, kenako nakaigwetsera pa ndege zina ziwiri za kampani yomweyo. Pa 10 Ogasiti 2018 ku Seattle, wantchito wa pansi wa Horizon Air ananyamuka ndi ndege ya Q400 yopanda anthu n'kukagwa nayo pachilumba cha Ketron.

Onsewa panalibe wodumpha mpanda. Anali anthu odziwika pageti. Nankafumbwe sachokera kutali, amaswana m'chimanga momwemo. N'chifukwa chake munthu akachotsedwa ntchito kapena kuimitsidwa, makiyi ndi chiphaso cholowera azibweze tsiku lomwelo, alonda auzidwe, ndipo dzina lake lifufutidwe m'buku. Ambiri amachita manyazi kutero kwa mnzawo amene adya naye nsima zaka zambiri, ndipo manyaziwo ndiwo amasiya geti lotsegula.

FUNSO: Ndimasunga katundu pa kampani ina imene ili ndi Cessna 206. Woyendetsa akudandaula kuti mafuta amachepa ndege ikagona. Alonda akukana. Ndidziwe bwanji zoona popanda kunamizira munthu? — Mayi wosunga katundu, Moatize

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi limene tikadakonda aliyense awerenge, chifukwa kuno kwathu chimene chimabedwa kawirikawiri si ndege yathunthu, ndi mafuta ake. Ndipo kuba kumeneku kumapha. Cessna 206 imanyamula malita oposa 300 ndipo imamwa malita 55 mpaka 60 pa ola. Zigubu ziwiri za malita 20 ndi mphindi pafupifupi 40 za m'mwamba. Amenewo ndiwo mafuta apadera amene woyendetsa amasungira kuti akapeza mvula yatseka bwalo azungulire kapena apite kwina.

Musanaloze chala munthu, chotsani kaye zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kutentha. Mafuta amafufuma pafupifupi lita imodzi pa malita 100 alionse kutentha kukakwera madigiri 10. Mukadzaza thanki mpaka pakamwa m'mawa kukuzizira, masana a Okutobala kwanuko kukafika madigiri 40, malita angapo amatayika okha kudzera pa kapaipi kopumira. Chachiwiri ndi malo opendekeka. Pa ndege zambiri za Cessna, vavu ya mafuta ikasiyidwa potsegula mathanki onse awiri a m'mapiko, mafuta amayenda kuchoka ku phiko lokwera kupita ku lotsika, n'kumadontha usiku wonse. Ndege iziimikidwa pamalo athyathyathya, vavu iikidwe monga buku la ndegeyo likunenera. Mafuta a ndege ngati yanuyo, otchedwa Avgas 100LL, ndi obiriwira ngati thambo, ndipo akauma amasiya mtunduwo, ndiye yang'anani mizere pansi pa mapiko ndi kuzungulira zivundikiro.

Kenako yezani. Mageji a m'kati musawakhulupirire, amanama. Pakhale kandodo koyezera kolembedwa malita ka ndege imeneyo, koviika m'thanki. Ndege ikangoima, woyendetsa ndi mlonda ayeze limodzi, alembe, asaine onse. M'mawa ayezenso pamalo omwewo. Pa chivundikiro chilichonse ikani selo ya nambala imene siichoka osang'ambika, muijambule pafoni. Pansi pa mapiko palinso timavavu tochotsera madzi. Kavavu kosatsekeka bwino kamadontha, ndipo nako kamafuna kuyang'aniridwa. Zivundikiro za loko zilipo, koma musagule zilizonse. Zina zimakhala ndi kabowo kopumira, ndipo thanki yosapuma imaleka kupereka mafuta ndege ili m'mwamba. Aike ndi makaniki wovomerezeka.

Choopsa kwambiri ndi wakuba wochenjera, amene amabwezeramo china kuti kandodo kasamuulule. Madzi ndi osavuta kuwagwira chifukwa amakhala pansi pa mafuta. Woyendetsa achotse mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera kuchokera pa timavavu tonse. Ndege zakale zina zili ndi titatu, Cessna 172 zatsopano zili ndi 13, ndipo palibe kodumpha. Msampha uli apa: kabotolo kakadzaza madzi okhaokha, mzere wolekanitsa suoneka, munthu n'kuyesa ndi mafuta oyera. Yang'anani mtundu pa pepala loyera, mununkhizenso.

Palafini, dizilo ndi Jet A-1 (mafuta a ndege za jeti) ndiye zimasakanikirana ndi Avgas osalekana. Donthezani pa pepala loyera. Avgas yekha amauma msanga osasiya kanthu, wosakanizika amasiya bwalo lamafuta ngati pa pepala la mandasi. Injini yomwa zosakanizazi imalira bwinobwino pansi, n'chifukwa chake anthu amapusitsika. Imayamba kugogoda ndi kutentha mopitirira pamene yapatsidwa moto wonse, ndege itangodzuka, mitengo ili kutsogolo. Petulo wa galimoto naye mphamvu yake ndi yochepa kwa injini ya 206, ndipo pakatentha amasanduka mpweya m'mapaipi. Maganizo athu ndi akuti selo ikapezeka yong'ambika, ndege isauluke. Mafuta onse atsitsidwe, ngakhale abwana atakwiya bwanji ndi mtengo wake.

Migolo ya malita 200 muzisunga chogoneka pa matabwa, pamthunzi, mabowo ake awiri ali mopingasa ngati 3 ndi 9 pa wotchi, kuti mafuta azitseka mabowowo m'kati. Mgolo woimirira pamvula umasunga madzi pamwamba, ndipo ukamazizira usiku umawayamwa. Mukaugubuduza, udikireni ukhazikike musanapope, mafuta adutse pa sefa, ndipo lumikizani mgolo ndi ndege ndi waya musanatsegule, kuopa kamoto ka magetsi obwera pokhulana.

Mawu amodzi kwa amene amagula mafuta obiriwirawa m'mabotolo: muli mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana. Umadetsa mapulagi a njinga yamoto, umaononga zida za utsi za galimoto zatsopano, ndipo m'nyali kapena m'sitovu ya palafini mafutawa amaphulika ngati petulo.

FUNSO: Ndege ikatera, ana a m'mudzi mwanga amathamangira kukaiona, ena amakhudza. Waya wa mpanda anaba kalekale. Eni bwalo akuti mudzi wanga ndi wa akuba. Ndichitenji? — Mfumu, Macanga

YANKHO: Wawa a Mfumu. Tisanafike pa waya, pali chinthu choti muuze makolo pamsonkhano: mwana asakhudze pulopela, ngakhale ndege itagona sabata. Injini ya ndege yaing'ono sidalira batire kuti mapulagi athethetse moto. Ili ndi maginito awiri amene amapanga okha magetsi pulopela ikazungulira, ndipo kiyi amangowazimitsa kudzera pa kawaya kakang'ono. Kawayako kakaduka m'kati, palibe chimene chimaoneka kunja, koma mwana akakankha pulopela injini ikhoza kudzuka, kiyi ali m'thumba la woyendetsa ku Furancungo. Dzanja kapena mutu sizipulumuka.

Chachiwiri ndi kapaipi kakang'ono kosongoka pansi pa phiko. Ndiko kamauza woyendetsa liwiro. Mwana akalowetsamo kamtengo, kapena mavu akamangamo dothi, ndege imanyamuka woyendetsa osadziwa liwiro lake. Kapaipiko kazivekedwa chovundikira ndege ikaima. Kumchira nako ana amakonda kulendewera, ndipo zitsulo za kumeneko zimapindika ndi manja. Pempho lathu ndi lakuti mwana akakhudza kanthu, anene, ndipo asamenyedwe. Woyendetsa akauzidwa amayang'ana n'kukonza. Mwana woopa chikwapu amakhala chete.

Za mpanda, eni bwalo asamangotukwana. Kawirikawiri waya amadulidwa pamene bwalo latseka njira yakale ya kudambo kapena kuchigayo. Khalani nawo pansi mugwirizane njira yolambalala, ndi malo amene ana angaimepo n'kuonerera, mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa ndege. Ganyu yotchetcha udzu, kugumula zulu za chiswe ndi kuyenda bwalo lonse ndege isanatere kuchotsa mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe ipatsidwe kwa anthu a m'mudzi mwanu. Mpanda wa mitengo yamoyo yaminga suba munthu, bola ubzalidwe patali ndi msewu woterapo ndipo usatalike kumapeto kwake.

FUNSO: Munthu wina akundigulitsa wailesi ya m'ndege ya Garmin pamtengo wotsika, akuti inatsala pokonza. Ndigule ndikagulitse? — Wokonza mafoni ndi mawailesi, mzinda wa Tete

YANKHO: Achimwene, musagule. Chida chilichonse cha m'ndege chili ndi nambala yake, ndipo makaniki wovomerezeka sachiika m'ndege popanda chikalata chosonyeza kumene chachokera ndi kuti n'choyenera kuuluka. Chopanda pepala mudzangokhala nacho, ndipo apolisi akachipeza m'shopu mwanu mlandu ndi wanu.

Eni ndege amvenso apa. Mawailesi ndi ma GPS ambiri amangosololedwa pamalo pake m'mphindi zochepa. Akuba ena amasinthanitsa: chimene aba m'ndege yoyamba amakachiika m'ndege yachiwiri, n'kutenga cha yachiwiriyo kukagulitsa. Nambala imene apolisi akufuna ili m'ndege ya munthu wosadziwa kanthu, imene ili pamsika palibe akuifuna. Lembani manambala a zida zonse, muzijambule, ndipo muziwayerekezanso nthawi iliyonse ndege ikapita kokonzedwa. Mawindo aziphimbidwa, zomvera m'makutu ndi GPS ya m'manja zizichoka ndi woyendetsa. Mabuku a mbiri ya ndege, ya injini ndi ya pulopela asagone m'ndege. Akatayika, ndege imagwa mtengo kwambiri chifukwa palibe angatsimikize maola amene yauluka, ndipo kwa wakuba mabukuwo ndiwo amapatsa zida zobedwa mtengo.

FUNSO: Kuno malire ali pafupi. Ndege ikabedwa, kapena yachilendo ikatera kutchire, tiuze ndani? — Mlimi, Ulongwe

YANKHO: Bambo, mwaona bwino. Chigawo chathu chimakhudza Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Dedza molunjika ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo Cessna 172 imayenda makilomita oposa 200 pa ola. Mphindi 15 zisanathe ili dziko lina, osadutsa pa Calomue kapena pa Zóbuè. Ndiye ndondomeko ya mafoni ikhale yolembedwa kale pakhoma la mlonda.

Woyamba ndi mwini ndege, kuti atsimikize kuti si iye watuma munthu. Iye aimbire nthawi yomweyo oyang'anira kayendedwe ka ndege, monga a pansanja ya bwalo la Chingodzi ku Tete, chifukwa ndiwo angachenjeze ndege zina ndi anzawo a m'maiko oyandikana. Kenako apolisi a PRM, amene nkhani yofufuza amaipereka ku bungwe lofufuza milandu la SERNIC, kenako bungwe loona za ndege la IACM, ndi a inshulansi. Onsewa adzafunsa zofanana: zilembo za pandege, mtundu wake, utoto, ola, kumene yalowera, ndi malita amene anali m'thanki. Malitawo ndiwo amauza ofufuza kutalika kwa kumene ingafike, ndipo apa buku la mlonda lija lagwiranso ntchito. Pamene ndege inaima pasapondedwe, maloko odulidwa asakhudzidwe.

Zilembo zimanena dziko. Za kwathu ku Mozambique zimayamba ndi C9, za Malawi 7Q, za Zambia 9J, za Zimbabwe Z, za South Africa ZS kapena ZU, za Tanzania 5H. Zilembo za utoto munthu akhoza kusintha ndi tepi, koma ndege iliyonse ilinso ndi kachitsulo kosapsa ndi moto kokhomeredwa pathupi pake, kolembedwa nambala yake.

Ndege yachilendo ikatera kutchire, kaya ndi ku Zumbo kapena kufupi ndi nyanja ya Cahora Bassa, kumbukirani kuti mwina yangovutika. Ngati pali ovulala, thandizani. Koma ngati mukuona galimoto ikudikira, katundu akutsitsidwa mwachangu injini osazimitsa, kapena zilembo zophimbidwa, musayandikire ndipo musanyamule katundu ngakhale atakulonjezani ndalama. Lowezani zilembo muli patali, muuze a mfumu ndi apolisi.

Eni ndege ambiri amadalira zida ziwiri zimene sizithandiza pa kuba. Chida cha transponder chimayankha rada, ndipo nambala 7500 ndi youza a pansi kuti ndege yalandidwa, koma chimagwira ntchito pokhapokha wina atachiyatsa, ndipo ndege youluka motsika pakati pa mapiri rada imavutika kuiona. Chida cha ELT chimatumiza uthenga wopempha thandizo pa 406 MHz kudzera pa setilaiti, koma chimadzuka chokha ndege ikagwa, osati ikabedwa. Chofunika ndi kachida kolondolera ka setilaiti kokhala ndi batire yakeyake, kobisidwa ndi makaniki wovomerezeka, kotumiza uthenga pafoni ndege ikangosuntha. Kachida kodalira netiweki ya mafoni kamasowa mawu ndege ikalowa kutchire kopanda nsanja. Batire yake muziiyesa mwezi ndi mwezi, ndipo pamene kabisidwa adziwe anthu awiri okha.